Za ulendo wa ku Angkor uja, achemwali

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Alamu muwapatse moni. Ndaliona funso lanu lija m'gulumu, loti muli ndi tchuthi cha sabata imodzi, mukufuna kukaona akachisi akale a Chibuda, ndiye mupite ku Thailand kapena ku Cambodia, ndipo mukonzekere chiyani. Kulemba kukanatalika, ndiye ndangoti ndilankhule. Mumvetsere mpaka kumapeto, chonde.

Ine ndikuti Cambodia, tauni ya Siem Reap, ndipo mukafika mungokhala pomwepo osayendayenda. Thailand nayo ili ndi malo abwino, monga mabwinja a ku Ayutthaya, koma pasipoti ya Malawi imafuna viza ya Thailand yopempha musananyamuke, pomwe ya Cambodia mumaipeza mosavuta. Komanso Angkor, malo a akachisi akale omwe ali pafupi ndi Siem Reap, ilibe mnzake. Anthu ambiri amayesa ndi kachisi mmodzi uja wa pa mbendera ya dzikolo. Ayi. Unali mzinda wonse, likulu la mafumu a Khmer, mtundu wa anthu a ku Cambodia, kuyambira m'ma 800 mpaka m'ma 1400, ndipo akachisi ake amwazikana m'nkhalango pamalo aakulu masikweya kilomita 400. Tsiku limodzi simungathe, mungotopa pachabe. Mupatule masiku atatu a akachisi okhaokha.

Tiyambe ndi ndege, chifukwa apa ndi pamene ambiri amalirira. Kuchokera ku Lilongwe, Ethiopian Airlines imakufikitsani ku Addis Ababa, kenako ku Bangkok, maola ngati 9 m'mwamba kuchokera pa Addis. Kuchoka ku Bangkok kufika ku Siem Reap ndi ola limodzi basi. Koma tamverani bwino. Ku Bangkok kuli mabwalo a ndege awiri, Suvarnabhumi ndi Don Mueang. Ethiopian imatera ku Suvarnabhumi, pomwe ndege zotchipa zambiri zimanyamukira ku Don Mueang. Mukagula matikiti awiri osiyana kuti mupulumutse ndalama, muyenera kutuluka, kukatenga katundu, kuwoloka mzinda, ndipo kutulukako ndiye kulowa m'dziko la Thailand, viza mulibe. Akhoza kukukanizani kukwera muli pa Kamuzu pomwe. Ndiye muuzeni wokugulitsani tikitiyo kuti ulendo wonse ukhale pa tikiti imodzi, ndege ya ku Siem Reap inyamukire pa Suvarnabhumi pomwepo, katundu alembedwe mpaka ku Siem Reap. Za basi yodutsa pa chipata cha Poipet iwalani, malire apamtunda a Thailand ndi Cambodia anatsekedwa mu 2025 chifukwa cha kumenyana kwa asilikali.

Mapepala tsopano. Pasipoti ikhale ndi miyezi 6 yotsala kuyambira tsiku lolowa, komanso masamba opanda chidindo. Viza ya alendo ndi ya masiku 30, madola 30, mumaipempha pa intaneti pa evisa.gov.kh. Muonetsetse kuti ikutha ndi gov.kh, chifukwa alipo ena otengera maonekedwe omwewo amene amakulipitsani kawiri. Ikabwera muisindikize makope awiri. Palinso fomu ya e-Arrival, yaulere, yodzaza pafoni m'masiku 7 omaliza musanafike. Chinanso ndi khadi ya katemera wa yellow fever. Kwathu kuno matendawa kulibe, koma Ethiopia ili pa mndandanda wa maiko omwe aliko, ndiye mukakhalitsa pa Addis kupitirira maola 12 akhoza kukufunsani. Katemerayu amayamba kuwerengedwa patatha masiku 10 mutabayitsa, ndipo ndi wa moyo wonse. Bayitsani basi, mtima ukhale m'malo.

Ndalama, tengani madola. Kumeneko dola imayenda m'sitolo, m'lesitilanti, paliponse, koma chenje amabweza ndalama yawo, riel, dola imodzi pafupifupi 4,000. Vuto ndi loti dola yong'ambika pang'ono, yolembedwa ndi cholembera kapena yothimbirira amaikana, ngakhale kang'ambo kake kakhale kakang'ono bwanji. Ku banki muziyang'ana pepala lililonse musanachoke pa kauntala, ndipo mupemphe a 10 ndi a 20 ambiri, chifukwa wa 100 woyendetsa tuk-tuk, kangolo konyamula anthu, sangausinthe. Mukudziwa mmene madola akuvutira kuno, ndiye pempho la ku banki liyambe msanga mukangogula tikiti, osati sabata yonyamuka. Khadi ya ku banki ikhale yothandizira chabe, musaidalire.

Bwalo la ndege la Siem Reap ndi latsopano, linatsegulidwa mu Okutobala 2023, ndipo lili kutali ndi tauni, pafupifupi ola limodzi pagalimoto. Uzani hotelo ikutumizireni galimoto, mugwirizane mtengo musanafike.

Tikiti yolowera ku akachisi amagulitsa a Angkor Enterprise okha, bungwe la boma, ku ofesi yawo kapena pa intaneti. Ya tsiku limodzi ndi madola 37, ya masiku atatu 62, ya masiku 7 ndi 72. Inu tengani ya 62. Ubwino wake, masiku atatuwo sayenera kutsatizana, mumawagwiritsa ntchito mkati mwa masiku 10, ndiye mukhoza kupumula tsiku limodzi pakati. Imakhala ndi chithunzi chanu, simungabwerekane, ndipo amaiona pakhomo la kachisi aliyense. Ikatayika mugulanso, choncho ikhale m'kachikwama kapulasitiki, thukuta lingaiwononge.

Poyenda tengani tuk-tuk. Yawo ndi njinga yamoto yokoka kangolo ka denga. Tsiku lonse madola 15 mpaka 20, kuwonjezera pang'ono ngati mukulawira usiku kapena kupita kutali. Mukapeza woyendetsa wabwino khalani naye masiku onse. Mujambule nkhope yake ndi ngolo yake pafoni, chifukwa pamalo oimikapo zimakhala mazanamazana zofanana, ndipo akachisi ena mumalowera khomo lina n'kutulukira lina.

Tsopano kagawidwe ka masiku, apa ndiye pagona nkhani. Cambodia ili patsogolo pathu ndi maola 5. Kudzuka 4 koloko m'mawa kumeneko, thupi lanu likuti ndi 11 koloko usiku. Choncho musayambe ndi kukaona kutuluka kwa dzuwa tsiku loyamba, mudzangosinza pamiyala. Tsiku loyamba nyamukani cha m'ma 7, mulowe mu Angkor Thom, mzinda wakale wa mpanda, pa chipata chakumwera, mupite ku kachisi wa Bayon. Uyu ndiye wa Chibuda kuyambira pachiyambi, anamanga mfumu Jayavarman VII kumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Aliyense amathamangira nkhope zikuluzikulu zamiyala zili pansanja zija, koma inu mutsike muyende pang'onopang'ono m'khonde lakunja. Pakhomapo anasema moyo wa anthu wamba. Muona amayi akugulitsa nsomba pamsika, ena akuphika, amuna akumenyanitsa atambala, mayi akuchira azamba atamuzungulira. Pamenepo mpofunika ola lathunthu. Kenako Ta Prohm, wa mu 1186, uja mizu ya mitengo inakulunga makoma.

Tsiku lachiwiri ndiye Angkor Wat, kachisi wa pa mbendera uja. Amatsegula 5 koloko m'mawa, ndiye muchoke pahotelo 4:30, tochi m'manja. Mukawoloka ngalande yamadzi ija, yotambalala mamita 190, mukaime pa dziwe la kumanzere, ndi pomwe nsanja zimaonekera m'madzi. Dzuwa likangotuluka magulu ambiri amabwerera kuhotelo kukamwa tiyi. Inu musabwerere. Hotelo ikulongedzereni kadzutsa usiku wake, mudye pomwepo, mulowe mkati anthu atachepa. Kachisiyu anamanga Suryavarman II kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1100, ndipo poyamba anali wa Chihindu, wa mulungu wawo Vishnu, Chibuda chinalowa pambuyo pake. N'chifukwa chake zosema za m'makoma ndi nthano za Chihindu. Ku khonde la kum'mawa muone khoma la mamita pafupifupi 49, milungu ndi ziwanda zikukokana njoka yaikulu, awa uku awa uko. Nsanja yapamwamba, Bakan, masitepe ake ndi otsetsereka kwambiri, amalowetsa anthu ochepa nthawi imodzi, ndipo amatseka pa masiku opatulika a Chibuda omwe amatsata mwezi. Funsani kuhotelo musanasankhe tsiku. Bondo la alamu lija, atsike chobwerera m'mbuyo atagwira chitsulo.

Tsiku lachitatu mupite ku Banteay Srei, wa mu 967, wamng'ono, wa miyala yofiirira, kunja kwa tauni pafupifupi ola limodzi pa tuk-tuk. Zosema zake ndi zosalala kuposa kwina konse. Pobwerera mudzere ku Preah Khan.

Masiku onsewa, ikakwana 11 koloko bwererani mukagone, mutulukenso 3 koloko. Miyala ija imatentha, mthunzi ndi wochepa. Miyezi yabwino ndi Novembala mpaka Febuluwale. Epulo ayi ndithu, kuli ngati ku Nsanje mu Okutobala koma thukuta losauma. Mvula imagwa kuyambira Meyi mpaka Okutobala, kawirikawiri masana, anthu amachepa, mahotelo amatsika mtengo, koma miyala imaterera. Madzi a pampopi musamwe, a m'botolo okha, malita atatu aliyense patsiku, ndipo munyamule timapaketi ta Thanzi ORS. Malungo ku Siem Reap si vuto kwenikweni, choopsa ndi dengue, ndipo udzudzu wake umaluma masana, ndiye mafuta othamangitsa udzudzu muzidzola m'mawa. Apusi a ku Bayon ndi ku Angkor Wat amalanda jumbo ndipo amaluma. Musawapatse chakudya. Akakulumani, tsukani ndi sopo mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe.

Zovala, mapewa ndi mawondo zibisike, amuna ndi akazi omwe. Pa Bakan kungofunda kansalu pamapewa amakana, pamafunika malaya a manja. Siketi yaitali yopepuka ndi bulauzi ya manja zakwana, alamu thalauzi lopepuka. Pomwe pali fano la Buddha lomwe anthu akupempherapo, vulani nsapato ndi chipewa, ndipo mukakhala pansi mapazi asaloze fanolo. Amonke ovala nsalu za olenji aja, inu achemwali musawakhudze kapena kuwapatsira chinthu m'manja, lamulo lawo silimalola mkazi kutero. Kuwajambula pemphani kaye. Zosema musagwire, mafuta a m'manja amadetsa mwala.

Ndikudziwa amayi afunsa za chikhulupiriro. Palibe wokukakamizani kupembedza. M'makona ena mupeza agogo akukupatsani lubani kapena kufuna kukumangani kaulusi kofiira pamkono. Ngati simukufuna, mwetulirani, weramitsani mutu pang'ono, pitirirani. Sakwiya.

Madzulo m'tauni, cha ku Pub Street, wina akakupemphani kuti mumugulire mkaka wa mwana m'sitolo, kanani, mkakawo amaubweza n'kugawana ndalama ndi mwini sitolo. Chakudya mulawe amok, nsomba yophika ndi mkaka wa kokonati m'tsamba la nthochi, imadyedwa ndi mpunga. Munyamulenso adaputa, masoketi ambiri kumeneko ndi a mabowo awiri, pulagi yathu ya mano atatu siilowa.

Lero lomwe tsegulani mapasipoti onse awiri muone tsiku lothera, munditumizire pamodzi ndi masiku a tchuthi chanu, tione ndege yomwe ikulumikizana bwino pa Suvarnabhumi. Zikomo, achemwali.