Foni yafika ku Lilongwe itasweka, alipire ndani?

Sabata yathayi ndalandira imelo ya mayi wina wa ku Makawa ku Mangochi amene amagulitsa mafoni ndi matchaja pa Facebook. Akuti anatumiza foni kwa kasitomala wa ku Area 25 kudzera pa kampani ina yonyamula maphukusi, yakafika sikirini ili ming'alu yokhayokha, kasitomala akufuna ndalama yake yomwe analipira pa Mpamba, akampani nawo akuti angobweza yotumizira basi. Nde mayiwa akufunsa kuti poti analipira pa kaunta ya kampaniyo, inshuwalansi yake ili kuti?

Achemwali pepani kwambiri, ndikudziwa kuti foni imodzi ikhoza kukhala theka la mpamba wanu wonse. Koma ndikuuzeni zoona, ndalama munapereka ija ndi yonyamulira katundu, si inshuwalansi ayi. Inshuwalansi mumachita kuifunsa, mumatchula mtengo weniweni wa katunduyo, amalemba pa fomu, mumaonjezera kangachepe, ndipo zikavuta amakubwezerani osapyola mtengo munatchulawo. Apa mpamene ambirife timadzipweteka tokha, wapakaunta akafunsa kuti muli chani umu timangoti zovala kapena timatchula mtengo wotsika kuti tilipire zochepa. Ine ndinaonapo ndi maso anga pa Boma pompa, mnyamata atakulunga foni mu jumbo yakuda, kuzengereza seloteyipi kawiri, nkuiika limodzi ndi makatoni a usipa wouma, pamwamba pake nkubwera thumba lina lolemera. Zoterozo ngakhale mutadula inshuwalansi akhoza kukana ndithu, amati munapakira molakwika ndinu.

Chomwe ndikufuna mugwiritsitse ndi ichi, amene amakadandaula ndi wotumiza, inuyo, chifukwa pangano la kampani lili ndi amene dzina lake lili pa lisiti. Kasitomala wanu uja pangano lake lili ndi inu. Nde maganizo anga mbwezereni ndalama yake kapena mumkonzetsere sikirini mukagwirizana, kenako inuyo mulimbane ndi kampani. Zowawa eya, koma pa Facebook mbiri yoipa imathamanga kuposa minibasi ya ku Monkey Bay.

Izi ndi za makampani onyamula maphukusi, koma ku positi ofesi za Malawi Posts Corporation, makamaka pa katundu wochokera kapena wopita kunja, amatsata malamulo a Universal Postal Union, bungwe lomwe linayamba mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Bern. Kalata ya rejisitala ikasowa chipepeso chake ndi 30 SDR, phukusi wamba ndi 40 SDR kuphatikiza 4.5 SDR pa kilogalamu iliyonse, SDR yo ndi ndalama yowerengera ya IMF imene amaisintha kukhala makwacha. Muli ndi miyezi 6 kuchokera pomwe katundu anatumizidwa kuti mukafufuzitse. Ndipo salipira phindu lomwe mukanapeza, amangoona katundu yekhayo. Kalata wamba yopanda rejisitala ikasowa palibe chomwe mungalandire. Mukaoda chinthu ku Johannesburg kapena ku China nkusowa panjira, panikizani wogulitsayo, ndi iyeyo wotumiza.

Zopatsira kondakitala pa depoti zija ndiye musandifunse nkomwe, palibe pepala, palibe pogwira.

Panopa chitani izi, pezani lisiti ija muwerenge tizilembo ting'onoting'ono ngati tilipo kuseri kwake, muone malire a ndalama omwe analemba ndi masiku odandaulira. Muuzeni kasitomala asataye katoni, ajambule foniyo ndi katoni yomwe, mbali zonse, inunso sungani uthenga wa Mpamba ndi macheza a pa WhatsApp osonyeza mtengo. Dandaulo lanu lembani pa pepala, asaine kuti alandira, zapakamwa mawa amakana. Akamakuzungulitsani pitani ku MACRA, ndi amene amapereka ziphaso ndi kuyang'anira makampani a mtengatenga wa makalata ndi maphukusi, komanso kuli CFTC yoona madandaulo a ogula.

Mukabwerako ku ofesi kwawoko mundilembere, ndikufuna ndimve kuti pa fomu paja munalembapo mtengo wanji.