Musagulitse nyumba ya ku Mufakose chifukwa cha sukulu ya ndege

Imelo yomwe mayi wina wa ku Mufakose, kuno ku Harare, wanditumizira sabata ino yandisowetsa tulo. Mwana wawo wakhoza bwino A-Level, akufuna kuphunzira uinjiniya wa ndege, yunivesite ina ya ku America yamupatsa malo, ndipo banja likuganiza zogulitsa nyumba kuti apite. Akufunsa ngati achite zimenezo.

Mayi, ndisanakuyankheni, ndiloleni ndikuuzeni za bambo anga. Anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo moyo wawo wonse kuno ku Harare anali telala pakhonde la sitolo ina ku Mbare. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi ankanditenga kupita pafupi ndi mpanda wa bwalo la ndege, lomwe lero likutchedwa Robert Gabriel Mugabe International Airport, ndipo tinkaima pamenepo tikudya chimanga chootcha mpaka ndege itatera. Nditapeza malo a uinjiniya wa zamagetsi pa yunivesite ina ya kunja, ndili ndi cholinga chodzalowera ku ndege pambuyo pake, iwo anagulitsa makina awo awiri mwa atatu osokera, achibale anasonkha, ndipo chaka choyamba chinalipiridwa chonse. Za chaka chachiwiri tinangoti Mulungu adziwa.

Kenako chinafika chaka cha 2008. Ndalama zimene bambo ankaika kubanki mwezi ndi mwezi zinasungunuka ngati mchere m'madzi, moti zimene zikanalipira teremu yathunthu sizinkakwananso kugula thumba la ufa. Sukulu inakana kundipatsa zotsatira za mayeso chifukwa cha ngongole, ndipo ndinabwerera pa basi ndi sutikesi yodzaza mabuku, wopanda pepala lililonse losonyeza kuti ndinakhalapo m'kalasi. Bambo anandilandira, anandifunsa za ulendo, kenako anabwerera pa makina awo amodzi otsalawo n'kupitiriza kupinda mpendero wa yunifolomu ya mwana wa munthu wina. Sanandidzudzule mpaka tsiku limene anamwalira, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa akanandikalipira.

N'chifukwa chake ndikunena mosabisa mawu kuti banja lomwe lili ndi ndalama za chaka chimodzi chokha lilibe ndalama za digiriyi. Maphunzirowa ndi a zaka 4, ndipo kuwonjezera pa fizi pali lendi, chakudya, inshuwalansi ya kuchipatala, viza ndi ulendo. Nyumba imagulitsidwa kamodzi. Ndipo ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tikudziwa kuti ambiri tilibe kumudzi kuno ku Zimbabwe komwe tingathawire. Nyumba ya ku Mufakose ndiyo mudzi wanu, ndiyo pogwira adzukulu anu.

Pali chinanso chimene timabuku totsatsa sukulu sitinena. Ku America kuli malamulo otchedwa ITAR, oteteza luso lokhudza zida zankhondo ndi zamumlengalenga, ndipo chifukwa cha malamulowo ntchito zambiri m'makampani opanga ndege zankhondo, maroketi ndi masatelayiti zimaperekedwa kwa nzika za dzikolo kapena okhala ndi green card, chilolezo chokhazikika m'dzikolo. Mwana wanu akhoza kukhoza bwino kuposa anzake onse, koma n'kupeza kuti makomo ambiri a ntchito imene anaphunzirira ndi otseka kwa iye. Kugulitsa nyumba musanadziwe zimenezi n'kulakwitsa, ndipo sindikuona mawu ena ofewa oti ndinenere.

Sindikuti mnyamatayo asiye maloto ake. Ku Johannesburg, yunivesite ya Wits ili ndi digiri ya zaka 4 ya uinjiniya wa ndege, ndipo ku Pretoria dipatimenti imodzi imaphunzitsa za makina ndi za ndege pamodzi. Chifukwa cha pangano la SADC la zamaphunziro la 1997, ophunzira ochokera ku Zimbabwe ndi ku Malawi amalipira fizi yofanana ndi ya eni dziko, ngakhale kuti pamakhala ndalama ina yowonjezera ya ophunzira akunja, komanso kawirikawiri amafuna kuti gawo lalikulu lilipiridwe musanalembetse. Madigiri ovomerezedwa ndi bungwe la mainjiniya la kumeneko, ECSA, amadziwikanso m'mayiko omwe ali mu Washington Accord, pangano lovomerezana madigiri a uinjiniya. Ndipo Johannesburg ndi ulendo wa basi kudzera pa Beitbridge, moti kukagwa maliro mwana amafika.

Kunonso zinthu zayamba kusuntha. Satelayiti yoyamba ya Zimbabwe, ZIMSAT-1, inapita mumlengalenga mu Novembala 2022, ndipo mainjiniya a dziko lino anaipangira ku Kyushu Institute of Technology ku Japan. Kwathu ku Malawi, African Drone and Data Academy, sukulu yophunzitsa za tindege topanda woyendetsa mkati, inatsegulidwa mu 2020 ndi thandizo la UNICEF.

Ndikanakhala inu

Ndikanamulimbikitsa kuti ayambe ndi uinjiniya wa makina, kaya ku University of Zimbabwe ku Mount Pleasant kaya ku South Africa ngati thumba lilola, popeza maziko ake, monga masamu, kayendedwe ka mpweya ndi kulimba kwa zitsulo, ndi omwewo, ndipo digiriyo imapezetsa ntchito kumigodi ndi m'mafakitale ngakhale za ndege zitachedwa. Za ndege zenizeni adzazichite pa masitazi, digiri yachiwiri, pomwe thandizo la fizi limapezeka mosavutirapo. Beit Trust, mwachitsanzo, imathandiza ophunzira a ku Zimbabwe, Zambia ndi Malawi pa mlingo umenewo. Koma yunivesite ya ku America ija muilembere kaye, muifunse mtengo wonse wa zaka 4 ndi kuchuluka kwa thandizo lomwe ingalonjeze molemba pa chaka chilichonse. Yankho likabwera, mnyamatayo andilembere yekha, tiwerengere limodzi.