Funsani Dokotala: Kodi bowa wa m'tchire ndingamudzale kuseri kwa nyumba?

Adokotala, ndine mayi wa zaka 52. Ndimakhala ku Lilongwe koma kwathu ndi ku Mzimba. Ndili ndi matenda a shuga ndi BP, ndipo kuchipatala anandiuza kuti ndichepetse nyama yamafuta. Ndiwo imene ndimaikonda kwambiri ndi bowa, makamaka uja wa tsinde lonenepa amene kunsi kwa chipewa chake kuli timabowo ngati siponji. Mwana wanga ali ku Johannesburg akuti kumeneko amamutcha porcini kapena bolete ndipo ndi wodula zedi. Mnzanga wina wandiuza kuti ndikatape dothi pamalo pamene amamera, ndidzathire kuseri kwa nyumba pamodzi ndi madzi otsukira bowa, ndiye kuti dzinja likubwerali ndizingozula pakhomo. Kodi n'zoona? — Mayi wa ku Lilongwe

Amayi, zikomo polemba. Bowa ameneyu simungamudzale pakhomo, ndipo njira imene mnzanuyo wakuuzani ndikukupemphani kuti musaiyese.

Chimene timazula m'tchire chija ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa lili pansi, timaulusi toyera tosaoneka bwino timene timayanga m'dothi. Pa bowa amene mukunenayu, timaulusito timakulunga nsonga za mizu ya mtengo wamoyo. Mtengo umapatsa bowa shuga amene masamba ake apanga ndi kuwala kwa dzuwa, bowa naye amathandiza mtengo kuyamwa madzi ndi michere ya m'nthaka. Mukatapa dothi n'kulichotsa pa mizu, mwamudulira chakudya. Ngakhale mutathira manyowa ochuluka bwanji kapena kuthirira m'mawa ndi madzulo, sabala.

N'chifukwa chake anthu ozula bowa amadziwa kuti wakutiwakuti amapezeka pansi pa misuku, wina pansi pa mombo, tsamba kapena mchenga, wina pansi pa mapaini. Manyame ndi ndelema nawonso amadalira mizu ya mitengo chimodzimodzi. Utale nkhani yake ndi ina koma mapeto ake ndi omwewo: amene amamulima ndi chiswe, mkati mwa chulu. Porcini wa ku South Africa amene mwana wanu akunenayo anafikako ndi mitengo yochokera kunja monga mapaini, ndipo mpaka lero amachita kukamuzula kunkhalango. Ku Italy, kumene amamukonda kwambiri, akatswiri ayesa kwa zaka zambiri koma palibe munda wa porcini umene umabala modalirika, ndiye kudula kwakeko kumachokera pamenepo. Pa banja lonseli pali mtundu umodzi wakuda, Phlebopus portentosus, umene ku Yunnan m'dziko la China amaulima m'nyumba zapadera zoyang'anira kutentha ndi chinyezi. Umenewo suumirira mizu ya mtengo ngati anzake, komabe ndi ntchito ya fakitale, osati ya kuseri kwa nyumba.

Chimene chikundidetsa nkhawa monga dokotala si kulephera kwa munda wanuwo ayi. Ndi chakuti pamalo pamene mwathira dothi, manyowa ndi madzi, mvula ikagwa bowa amera ndithu, koma wina. Inu mudzaganiza kuti ndi uja munadzala, ana ndi adzukulu adzakhulupirira mawu anu, ndipo mudzaphika osamuyang'anitsitsa. Pa kapinga ndi pa manyowa m'matauni mumakonda kumera bowa wamkulu woyera wooneka bwino, Chlorophyllum molybdites, amene kunsi kwake kumasanduka kobiriwira akakula. Ameneyu amasanzitsa ndi kutsegula m'mimba koopsa pasanathe maola atatu. Kwa munthu wa shuga ndi BP ngati inu, kutaya madzi kotere kumavulaza impso msanga, ndipo mapiritsi amene mumamwa tsiku ndi tsiku akhoza kukuvutitsani pamene thupi lauma ndipo simukudya.

Woopsa koposa ndi Amanita phalloides, amene kumwera kwa Africa kuno amapezeka pansi pa mitengo yobwera. Ndi wa banja limodzi ndi ndelema, ndipo naye ali ndi kathumba kutsinde ndi mkanda pakhosi, choncho munthu wosazolowera akhoza kusokoneza. Kuipa kwake n'kwakuti amachedwa. Munthu amadya nkhomaliro bwinobwino, kenako pakapita maola 6 mpaka 24 m'pamene kusanza ndi kutsegula m'mimba kumayamba. Tsiku lotsatira amaoneka ngati wachira, achibale n'kumati zadutsa, pomwe poizoni ali mkati kuwononga chiwindi. Pofika tsiku lachitatu kapena lachinayi maso amachita chikasu, munthu amasokonezeka mutu, ena amamwalira. Kuwiritsa, kukazinga, kufutsa kapena kuthira chidulo sikuchotsa poizoni ameneyu.

Pali zoyesera zimene anthu amazikhulupirira: akuti bowa amene wadyedwa ndi tizilombo kapena anyani ndi wabwino, akuti woipa amadetsa supuni, akuti muyambe mwapatsa galu kapena nkhuku. Zonsezi zapweteketsa anthu. Nkhono ndi mphutsi zimadya bowa amene angaphe munthu, ndipo galu amene wadya poizoni wochedwa uja amakhala akuthamanga pamene banja lonse lamaliza kale kudya.

Ngati wina pakhomo wayamba kusanza atadya bowa, pitani naye kuchipatala nthawi yomweyo, ndipo onse amene anadya nawo apite, ngakhale amene akumva bwino. Tengani bowa wotsala, wophika ndi wosaphika yemwe. Muuzeni dokotala nthawi imene munadya ndi nthawi imene zizindikiro zinayamba, chifukwa kusiyana kwa maola kumeneko kumatiuza zambiri. Panjira mukhoza kumamumwetsa Thanzi ORS pang'onopang'ono ngati akutha kumeza. Mkaka sutsuka poizoni, ndipo makala a pambaula si ofanana ndi makala a mankhwala amene timapereka kuchipatala.

Bowa wanu wa timabowo uja pitirizani kudya pa nyengo yake, mukamugula kwa anthu amene akhala akuzula m'dera lomwelo kwa zaka zambiri. Muzimuphika mpaka apse bwino, chifukwa mitundu ingapo ya banja limeneli imapweteka m'mimba ikakhala yosapsa. Uja wa pansi pa mapaini wa chipewa choterera, amene mwina munamuonapo cha ku Chikangawa, muzisenda khungu la pamwambalo, limatsegula m'mimba anthu ena. Wobunga, wonunkha kapena amene wagona mu jumbo padzuwa mutayeni. Womera m'mbali mwa msewu waukulu kapena pafupi ndi dzala musamudye, bowa amayamwa zoipa za m'dothi. Mukapeza wambiri, futsani, aume gwa, musunge pouma monga ankachitira amayi athu ndi zikwatu. Mfutso umenewo ndi umene ungakufikitseni m'chilimwe.

Koma bowa wodzala pakhomo alipo, ndi wa oyisitara. Iye safuna mtengo wamoyo, amadya zinyalala zouma: mapesi a chimanga, zitsononkho, masamba a nthochi, utuchi. Mumadula mapesi tizidutswa, kuviika m'madzi, kuwatenthetsa ndi nthunzi mu mgolo kuti nkhungu zina zife, ndipo akazizira mumasakaniza ndi mbewu ya bowa n'kulonga m'majumbo. Majumbowo amakhala m'kachipinda kamdima pafupifupi masabata atatu mpaka ayere mbuu, kenako mumaboola, kumawaza madzi pansi ndi m'makoma, ndipo posakhalitsa bowa amatuluka m'mabowomo. Mbewu muchite kugula yokonzedwa ndi akatswiri, osapanga nokha kuchokera ku bowa wa m'tchire. Ku Bunda ndi ku Bvumbwe akhala akugwira ntchito ya bowa ameneyu kwa nthawi yaitali, ndipo mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu angakulozereni kumene mungaipeze. Jumbo limene lachita nkhungu yobiriwira kapena yakuda litayeni kutali. Kachipindako kazipita mphepo, ndipo musagonemo munthu, chifukwa fumbi limene bowa wokhwima amatulutsa limayambitsa chifuwa ndi kubanika kwa ena, makamaka a mphumu. Kololani zipewa zisanatambasuke kwambiri.

Pa matenda anu, bowa ndi ndiwo yabwino: mafuta ndi ochepa kwambiri ndipo sakweza shuga. Koma si mankhwala, choncho mapiritsi anu musasiye ngakhale wina atakuuzani kuti bowa amachiza shuga. Dziwaninso kuti bowa wamuwisi pafupifupi magawo 90 pa 100 ndi madzi, ndiye payekha sangalowe m'malo mwa nyama. Mutendereni ndi nsinjiro, masiku ena mudye nyemba, usipa kapena dzira, mchere muzithira pang'ono, ndipo nsima ikhale ya mgaiwa, chipande chimodzi kapena ziwiri zazing'ono monga anakulangizani kuchipatala.