Galamala ya Chingerezi pa mayeso a PTCE

Achemwali, pokonzekera mayeso a PTCE (a ophunzira uphunzitsi wa ku pulayimale) omwe MANEB imalembetsa, musayambe ndi kuloweza malamulo onse a galamala. Tengani mapepala a zaka zam'mbuyo, muyankhe osasuzumira m'buku, kenako muwerenge lamulo la pomwe mwalakwitsa pokhapo.

Pothandiza anzanga kukonzekera, ndaona kuti ambiri amapunthwa pamalo amodzimodzi. Pamgwirizano wa mwininkhani ndi mneni, timati "One of the learners is absent", osati "are", chifukwa wajomba ndi mmodzi. Chomwe chimasokoneza anthu ndi "learners" woyandikana ndi mneniyo. Funso lotere liwerengeni kawiri, ndipo dzifunseni kuti akukambidwa ndani kwenikweni. Aperekezi nawonso amavuta: "discuss the lesson" safuna "about", ndipo timati "since 2020" koma "for three years". Pobwereza zomwe wina ananena, "I am tired" amasanduka "She said she was tired".

Lamulo lililonse mulipangire ziganizo zanuzanu m'kope, kungowerenga ndi maso sikukwanira.

Za silabasi ndi mmene pepala likhalire chaka chino, kafunseni mphunzitsi wanu wa Chingerezi ku koleji ya uphunzitsi (TTC), musadalire zoyenda pa WhatsApp.