Musagulitse Zazikazi Zanu Chifukwa cha Mphongo Imodzi

Wowerenga wina wandilembera imelo kuti akufuna kugulitsa theka la nkhosa zake kuti agule yamphongo ya mtundu wa Dorper, ndipo akufunsa ngati akale ankapindula posakaniza mitundu. Achimwene, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa zoterezi ndinaziona m'khola la bambo anga.

Bambo anagulitsa zazikazi zomwe zinkabereka chaka ndi chaka, n'kubwera ndi chimphongo chonenepa, cha msana wotambalala moti anafe tinkalimbirana kuchisisita. Ana ake oyamba anabadwa akuluakulu, zimenezo sindikana. Koma mvula itagwa njoka za m'mimba zinachigwira, m'zikope munayera mbuu, kunsi kwa chibwano kunatupa madzi, mpaka tinachikwirira. Zazikazi zija zinali kwa mwini watsopano, kudya udzu womwewo, zili bwinobwino. Mpaka lero ndikamva munthu akunyoza nkhosa yaing'ono ya miyendo yowonda, mtima umandiwawa.

Akale kusakaniza ankasakaniza ndithu. Dorper mukuifunayo inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1930, pokweretsa Dorset Horn ya ku England ndi Blackhead Persian yopirira chilala, ndipo bungwe la alimi ake linakhazikitsidwa mu 1950. Taonanitu, mbali ina ya magazi ake ndi ya nkhosa yolimba ngati zomwe mukufuna kutayazo. Komanso anaipangira malo ouma. Kumalo achinyontho imafuna mankhwala pafupipafupi, ndipo wogulitsa sayamba yekha kukuuzani zimenezo.

Munthu amene ndimamugomera pa nkhaniyi ndi Robert Bakewell wa ku Dishley, ku England, yemwe anamwalira mu 1795. Mphongo zake zabwino ankazibwereketsa kwa alimi ena nyengo imodzi, iwo n'kulipira. Ndalama ankapeza, komanso ankaona ana a mphongo iliyonse pa msipu wosiyanasiyana, n'kudziwa yoyenera kusunga. Mphongo ankaiweruza ndi ana ake. Ife timaiweruza ndi maso pamsika, itadyetsedwa ndi kusambitsidwa dzulo lake.

Maso omwewo anapweteketsa alimi a ku Australia. Dziko la Spain linkaletsa kutulutsa nkhosa za Merino kwa zaka zambiri chifukwa cha ubweya wake wofewa. Zingapo zinafika ku Cape, ku South Africa, mu 1789, ndipo zina mwa izo zinagulidwa n'kupita ku Australia mu 1797. Kumeneko anazisankha moleza mtima mpaka zinazolowera dzikolo. Kenako cha m'ma 1880 kunabwera Merino za ku Vermont, ku America, za khungu lamakwinya. Anthu anazithamangira poganiza kuti khungu lambiri ndi ubweya wambiri. M'makwinyamo ntchentche zinkaikira mazira, mphutsi n'kumadya nkhosa ili moyo, ndipo ometa ubweya ankavutika nazo. Kuchotsa magazi amenewo m'makola kunatenga zaka. Ine ndinena mosabisa: ambiri amene analuza pa malonda a nkhosa anagula maonekedwe, ndipo wogulitsa ankadziwa bwino chimene akuchita.

Ndiye muchite chiyani?

Zazikazi zobereka bwino zisiyeni m'khola. Ngati mukufuna ndalama, gulitsani zokalamba ndi zamphongo zotsala. Yambani mwabwereka kapena kuchita lendi mphongo nyengo imodzi, muone ana ake akadutsa dzinja. Mukaganiza zogula, itseguleni kukamwa: mano aakulu awiri akutsogolo ndiye kuti yangopitirira chaka, anayi ndi zaka ziwiri, asanu ndi atatu yafika zaka zinayi. Gwirani machende muone ngati ali ofanana ndi olimba, yang'anani ziboda, ndipo pemphani kuona mayi ake. Muisunge payokha milungu ingapo isanalowe m'gulu, ndipo muisinthe isanayambe kukwera ana ake omwe.