Mvuu yaikulu kapena mvuu wamkulu?

*Mwana wanga analemba kuti "mvuu wamkulu anatuluka m'madzi", aphunzitsi n'kumuthetha. Chonsecho m'nthano timamva kuti "a Mvuu anakwiya". Walakwa ndani? Ndine kholo, ku Liwonde.*

Aphunzitsiwo sanamulakwire mwanayo. Dzina loti mvuu lili m'gulu la I-Zi, limodzi ndi njovu, ng'ona ndi nyani zomwe... pepani, nyani ndamulowetsa molakwa, iyeyo ndi wa gulu la Mu-A: nyani wamkulu, anyani aakulu. Mwina n'kumene mwanayo anatengera. Koma mvuu timati mvuu yaikulu inatuluka, zikachuluka mvuu zazikulu zinatuluka. Dzinalo silisintha, chimasintha ndi mgwirizanitsi.

Za m'nthano n'zina. Kumeneko nyamayo yavala umunthu, ikuyankhula, ikukangana ndi Kalulu, n'chifukwa chake timaipatsa ulemu wa munthu, a Mvuu. Yomwe yakudyerani chimanga kudimba usiku sitiitchula choncho. Imeneyo yadya basi.

Mumuuzenso mwanayo asamaiwale u wachiwiri. Ena amalemba "mvu", koma tamverani mmene mukutchulira: mvu-u, liwu limakoka.

*Kodi n'kulondola kunena kuti mvuu ikusambira?*

Anthu amatero, ndipo palibe angakukokereni kubwalo. Koma asodzi a mu Shire akamati "yamira" kapena "yavuuka" amalasa penipeni. Mvuu ndi yolemera kwambiri, yamphongo imapitirira makilogalamu 1,500, choncho siyandama ngati bakha. Imayenda pansi pa mtsinje, n'kumadzikankha ndi miyendo kuti ikwere pamwamba. Ikamira imatseka mphuno ndi makutu, n'kukhala mphindi ngati 5 isanavuuke kudzapuma. Mukaona timakutu tiwiri, maso ndi mphuno zokha zili pamwamba pa madzi, nthawi zambiri thupi lonselo laponda pansi pamalo osaya.

Mawu amene ndimakana ine ndi oti "mvuu imadya nsomba", omwe ana amakonda kulemba poti imakhala m'madzi. M'madzimo imangobisala dzuwa, chifukwa khungu lake limang'aluka likauma. Chakudya chake ndi msipu. Dzuwa likalowa imatuluka n'kutsata kanjira kake komwe kaja, kukadya udzu wokwana makilogalamu pafupifupi 40, m'bandakucha n'kubwerera. Mukapeza kanjira koteroko m'mbali mwa mtsinje m'mamawa, musaime pakati pa mvuuyo ndi madzi.