Za inshuwalansi ya masola aja

Eee, msuweni, ndaumva uthenga wako. Wati wogulitsa wa ku Guangzhou uja wakuuza kuti inshuwalansi ili kale mumtengo wa masola, ndiye ukufunsa ngati pakufunikanso ina. Ine... dikira ndichepetse wailesiyi. Eya. Ine ndimakudziwa iwe. Chimene ukufuna n'choti wina m'gulu muno anene kuti "tumiza ndalamazo basi", kuti zikadzavuta mlandu tidzagawane. Unayamba kale zimenezi, mango kugwetsa iwe, kukwapulidwa tonse.

Ukuwakumbukira amalume aakulu ndi makina osokera aja? Unali wamng'ono... ayi ndanama, unali ku sekondale, chaka cha ng'ombe zija. Anaitanitsa makina khumi ndi awiri ku China komweko, pepala lolembedwa CIF Beira, kutanthauza kuti inshuwalansi ndi mayendedwe mpaka padoko la Beira zili kale mumtengo, ngati mmene akukuuzira iwemu. Pepalalo ankayenda nalo m'thumba la jekete, kuonetsa aliyense, ndi pamaliro pomwe, ati katundu wanga ali pa inshuwalansi. Akazi awo anali atapaka kale laimu chipinda chakumaso chija, mabenchi a ophunzira atakhomedwa. Sitima inafika bwinobwino. Katundu anatsika ku Beira, n'kukwera thiraki. Pofika pa Mwanza, kutsegula kuti a MRA aone, makatoni anayi palibe, enawo anyowa, zitsulo zayamba dzimbiri. Ine ndinalipo tsiku limene anafika nawo pakhomo. Anakhala pakhonde ndi kansanza ndi kabotolo ka mafuta, kupukuta mmodzimmodzi mpaka mdima, nsima inachita kuzizira. Mmm. Mpaka lero zimandiwawa. Atalemba kalata, yankho linabwera loti pepala lawo linathera padoko la Beira, za pamsewu wa ku Tete sizikuwakhudza a inshuwalansiwo.

Ndiye tamvera. Pa CIF, wogulitsa amangoyenera kukugulira yotsikitsitsa, imene amati Clause C. Imeneyo ndi ya ngozi zikuluzikulu, moto, sitima kumira kapena kuwombana ndi inzake. Kuba mulibe. Kunyowa ndi mvula mulibe. Katundu kusweka pokweza ndi potsitsa mulibe, ndipo iwe ukuitanitsa galasi, msuweni, masola ndi galasi! Usadalirenso eni sitima, iwo akalipira amawerengera makatoni kapena makilo, osati ndalama imene unagulira.

Inde, ngakhale C yomweyo ili ndi ntchito yake, ndisaiwale. Ija sitima ya Ever Given inatsekereza ngalande ya Suez mu 2021, eni katundu anauzidwa kuti asonkherane ndalama zoipulumutsira, ngakhale amene katundu wawo sanakhudzidwe n'komwe. Amene anali pa inshuwalansi, kampani ndiyo inawaimirira. Koma zako sizithera panyanja.

Gula Clause A, imene ndi ya pafupifupi ngozi zonse, kuba, kunyowa ndi kusweka komwe, ndipo papepala palembedwe kuti ikuthera ku Lilongwe, pamalo pamene ukatsitsire, osati padoko la Dar es Salaam pamene katundu wako akatsikire m'sitima. Kuchoka padoko kudzafika pa Songwe, kenako Karonga, Chiweta, msewu wonsewo ukhale momwemo. Mtengo woika papepala nthawi zambiri amatenga wa katundu ndi wa mayendedwe n'kuwonjezerapo 10 peresenti. Mufunse wogulitsayo akutumizire satifiketi yeniyeniyo usanalipire, osati mawu a pa WhatsApp. Akamazemba, pita ku kampani ya inshuwalansi konkuno ukagule wekha, zikavuta uli ndi ofesi yokagogoda. Katundu akafika, tsegula dalaivala ali pomwepo, jambula, chosweka chilembedwe papepala lolandirira usanasaine.

Wamva? A, osati C, ndipo mpaka Lilongwe. Ndalama zimenezo si zako wekha, mayi ako ukudziwa kumene anazitenga. Ndikubwerezanso chifukwa ndiwe nkhutukumve: Clause A, mpaka pakhomo. Satifiketiyo ukailandira uiponye muno ndiione ndisanagone. Moni kwa alamu.